Mayi Rabecca Matewere, Mayi wa Msilikali

Malemu Mayi Rabecca Matewere, NaNgozo, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 9 Juni 1963 ku Lizulu, m'boma la Ntcheu. Anali achiwiri kubadwa m'banja la ana asanu la Bambo ndi Mayi Kapalamula. Ine ndaima panoyu ndine Trevor Kapalamula, mlongo wawo, chitsirizira m'banjamo, ndipo ndine malume wa ana awo. Abusa, akuluakulu a mpingo, anamwino anzawo, abale athu a ku Zambia, ndi nonse amene mwasiya ntchito zanu kudzakhuza maliro ano, mundikhululukire ndikamadodoma powerenga pepalali. Ndili ndi mantha, ndipo ndisanakhale pansi mudziwa chifukwa chake.

Malemu anayamba sukulu ku Lizulu komweko m'chaka cha 1970. Mu 1978 anasankhidwa kupita ku sekondale ya atsikana ya Likuni, ndipo mu 1983 anayamba maphunziro a unamwino ku Malosa. Kwathu anthu anaseka atamva zoti Rabecca akufuna unamwino, chifukwa pamudzi ponse panalibe mwana wamantha ngati iwowo. Ankaopa achule, ankaopa ziphaliwali, ndipo tsiku lina achipatala atabwera kusukulu kudzabaya katemera, anakawapeza atagona chafufumimba m'munda wa mbatatesi. Munthu ameneyo ndiye anadzakhala wobaya anzake jakisoni zaka zoposa makumi atatu.

Atamaliza maphunziro mu 1986, anawatumiza pa chipatala china cha mishoni kufupi ndi kwathu. Amene mukudziwa Lizulu mukudziwa kuti msewu ndiwo malire: mbali ino Malawi, mbali inayo Mozambique. Zaka zimenezo tsidya linalo kunali nkhondo, ndipo anthu ankawoloka msewuwo tsiku ndi tsiku atasenza ana ndi mitolo. Malemu anaphunzira kubereketsa amayi ndi kutsuka zilonda wamba, koma ntchito imene anaipeza inali yosoka anthu oponda mabomba okwiriridwa pansi. Mu 1987 lole ina inabweretsa mnyamata wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi zinayi, atavala theka la yunifolomu. Ankaitana amayi ake m'Chichewa chathu chomwechi. Malemu anamugwira dzanja mpaka mnyamatayo anatsirizika. Palibe anadziwa dzina lake kapena mudzi wake, choncho palibe anakauza amayi akewo. Nkhani imeneyi anatiuza kamodzi kokha, koma kuyambira pamenepo sankafuna kumva chilichonse chophulika. Ngakhale kuno, Novembala akafika anthu n'kuyamba kuphulitsa makombola monga achitira sabata ino, ankatseka mawindo onse n'kukweza wailesi.

Pa 6 Ogasiti 1988 anamanga ukwati woyera ndi Bambo Overton Matewere a ku Balaka, amene anali mphunzitsi. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri: Cynthia, wobadwa mu 1989, ndi Harrison, wobadwa mu 1993. Bambo Matewere anatisiya mu 1999 atadwala nthawi yochepa, ndipo malemu anatsala okha ndi anawo.

Mu Epulo 2002 anabwera kuno ku London kudzagwira ntchito ya unamwino pa chipatala chachikulu cha ku Edmonton. Ana anatsala ndi achemwali athu aakulu ku Ntcheu. Ine anandipeza kuno. Ndinabwera mu 2000 ndi cholinga cha sukulu, koma monga mukudziwa ambirinu, sukuluyo inathera pa chiwongolero cha basi.

Loweruka pa 15 Febuluwale 2003 kunali chionetsero chachikulu chokana nkhondo ya ku Iraq. Malemu atandiuza kuti akufuna kupitako, ndinawakalipira. Ndinawakumbutsa kuti kwa eni kulibe mkuwe. Mapepala awo anali a zaka ziwiri zokha, ofunika kukawonjezera ku ofesi yoona zolowa ndi kutuluka m'dziko ku Croydon, ana anali asanabwere, ndipo pakati pathu panali mphekesera yoti makamera a m'misewu akajambula nkhope ya mlendo pa chionetsero, viza yake yathera pomwepo. Kaya zinali zoona kaya bodza, tonse tinkazikhulupirira. Ndivomerenso kuti ine woyendetsa basi zionetsero sindizikonda, chifukwa zimatitsekera misewu.

Anandiyankha mofatsa kuti: "Achimwene, ine nkhondo ndinaigwirapo ndi manja awa. Ndikuopa, koma ndipita." Anapita ndi mnzawo wa ponda apa nane ndipondepo, Mayi Mwangala Mulenga a ku Lusaka, amene akhala kutsogoloku. Mayi Mulenga amanena kuti malemu anasanza kawiri pa siteshoni chifukwa cha mantha. Anadzikulunga sikafu ndi chipewa, kungotsala maso okha. Sananyamule chikwangwani chilichonse. Ananyamula mabandeji ndi madzi, ndipo tsiku lonse ankamanga matuza a m'mapazi a anthu osawadziwa. Anayenda mpaka kumapeto.

Nkhondoyo inachitikabe. Kwa miyezi yambiri pambuyo pake, kalata iliyonse ya envulopu yakhaki ikafika, malemu sankaitsegula okha. Ankaitengera kuntchito kuti Mayi Mulenga awatsegulire, poganiza kuti ndi yowathamangitsa m'dziko muno. Kalata yoteroyo sinabwere. Mapepala anawonjezeredwa, ndipo mu 2006 Cynthia ndi Harrison anafika.

Mu 2013 Harrison, ali ndi zaka makumi awiri, analowa usilikali wa dziko lino. Anauza ine poyamba monga malume wake, n'kundipempha kuti ndikawauze amayi ake. Malemu anakhala masiku awiri osadya. Anamuuza mwanayo kuti nkhondo simanga mudzi, ndipo iye, monga achitira ana okulira kuno, anayankha m'Chingerezi kuti mudzi wopanda oulondera nawonso sukhalitsa. Mkangano umenewu sunathe mpaka lero, ndipo ine sindinganame kuti ndikudziwa amene ankalondola. Tsiku limene Harrison anamaliza maphunziro a usilikali, malemu analuluta nthungululu mpaka azungu onse kucheuka. Pobwerera, analira m'sitima njira yonse.

Kuchokera chaka chimenecho malemu anasanduka katswiri wa misonkhano ya atsogoleri a mayiko. Ankadziwa kuti mayiko ogwirizana akumana liti, akumana kuti, ndiponso ndani wakana kubwera. Anzawo a kuntchito ankawaseka kuti angowalemba ntchito ya ukazembe. Koma iwo sankatsatira ndale. Ankayang'ana nkhope za atsogoleriwo pa wailesi ya kanema monga momwe namwino ayang'anira nkhope ya dokotala akamatuluka m'chipinda cha wodwala. Ankati akatuluka akumwetulira kwambiri n'kumagwirana chanza nthawi yaitali, dziwani kuti m'katimo zinthu sizinayende. Atsogoleriwo akangotchula mawu oti kutumiza asilikali, foni yanga inkalira ndili pa chiwongolero.

M'mwezi wa Malichi chaka chino, madokotala anawapeza ndi khansa ya kapamba. Monga namwino, anadziwa okha tanthauzo lake asanauzidwe. Mu Juni, gulu la Harrison linatumizidwa ku dziko lina lochita malire ndi kumene kuli nkhondo imene tonse tikuionera pa kanemayi. Malemu anatisonkhanitsa, ine ndi Cynthia, n'kutilumbiritsa kuti mwanayo asauzidwe za matendawo. Anati msilikali wa mitima iwiri saona pamene akuponda. Analetsanso madokotala awo kuuza munthu wina aliyense, ndipo malamulo a chinsinsi cha wodwala ankawadziwa bwino kuposa ife. Harrison akaimba foni ya kanema, malemu ankavala duku latsopano, kudzola milomo, n'kukhala pafupi ndi windo kuti nkhope iwale. Iye akafunsa chifukwa chimene awondera chonchi, ankamuuza kuti adokotala awaletsa zamafuta. Nayenso ankawauza kuti ali kutali ndi zoopsa, akungokonza magalimoto. Ndikukhulupirira kuti onse awiri ankanamizana, ndipo ankatero chifukwa cha chikondi.

Pa 20 Sepitembala malemu anapita ku chionetsero chawo chomaliza, m'kati mwa tawuni. Miyendo inali itakana, choncho Mayi Mulenga anawakankha pa njinga ya odwala. Ulendo uno sanabise nkhope. Ananyamula chikwangwani chimene analemba okha kuti atsogoleri asatope kukambirana. Cynthia anawapempha kuti alembepo kuti ndi mayi wa msilikali, koma anakana, poopa kumuika mwana m'mavuto kuntchito kwake. Patangopita sabata imodzi anawagoneka m'chipatala chomwe anatumikiramo, ndipo amene ankawasamalira anali anamwino amene iwo anawaphunzitsa ntchito.

Tsopano ndafika pamene ndikanakonda kudumpha. Cynthia anandiuza kuti ndisawerenge ndime ino, koma mutu ukakula sulewa nkhonya.

Lamulungu pa 5 Okutobala, malemu anandigwira dzanja n'kunena kuti: "Muitaneni mwana uja. Ndasintha maganizo." Asilikali ali ndi ofesi imene abale amaimbirako pakagwa matenda aakulu kapena maliro, ndipo nkhani ikakhala ya imfa kapena ya munthu wotsala pang'ono, amamukweza msilikaliyo ndege mwamsanga. Lolemba pa 6 Okutobala m'mawa, Cynthia anatenga foni kuti aimbe. Ndinamulanda. Ndinamuuza kuti uthenga wotere sanena mwana malume ake ali pomwepo.

Inu nonse mukudziwa mmene timatumizira uthenga kwathu. Munthu akadwala kwambiri timati sakupeza bwino. Akatsala pang'ono timati matenda akulako. Ngakhale atamwalira kale, wakutali timamuuza kuti abwere adzaone matenda, kuti asakomoke panjira. Wolandira uthengawo amadziwa yekha chochita, amanyamuka tsiku lomwelo. Ine ndinabadwira m'mwambo umenewu, ndipo ndinaulankhula m'Chingerezi kwa munthu amene sanabadwiremo. Ndinauza mayi wa ku ofesiyo kuti amayi ake a Harrison sakupeza bwino kwenikweni, ndipo akapeza mpata abwere adzawaone.

Mayiyo anali waulemu ndipo ntchito yake anaigwira bwino. Anandifunsa mosabisa ngati moyo wa wodwalayo uli pachiswe. Cynthia anali pambali panga akundikoka malaya. "Ankolo, nenani zoona, anthu awa samva zozungulira!" Koma achemwali anali m'chipinda chachiwiri, akupuma, maso ali otsegula. Kunena kuti akumwalira ndinaona ngati ndikuwaitanira imfa ndi pakamwa panga. Ndinayankha kuti zonse zili m'manja mwa Mulungu ndipo tili ndi chiyembekezo. Anafunsanso ngati angalankhule ndi dokotala. Ndinati tisawavutitse madokotala, ndi anthu otanganidwa. Mayiyo analemba zimene ndinamuuza.

Lachiwiri Harrison anatumiza uthenga pa foni ya Cynthia. Anati wamva kuti amayi sakupeza bwino, wapempha tchuthi, ndipo amupatsa kumapeto kwa mwezi. Anawonjezera kuti awauze amayi adye zamafuta pang'ono. Ine ndinati basi, tidikire, masabata atatu si zaka.

Sabata yomweyo atsogoleri a mayiko ogwirizana anali pa msonkhano wokambirana za nkhondoyi. Malemu anapempha kuti kanema wa m'chipinda chawo azikhala wotsegula. Lachinayi pa 9 Okutobala masana atsogoleriwo anatuluka akumwetulira kwambiri. Malemu anawayang'ana, kenako anatembenukira kukhoma. Lachisanu pa 10 Okutobala Harrison anatumiza mawu ochepa: gulu lawo likusamutsidwa, mafoni akusonkhanitsidwa, tchuthi chonse chaimitsidwa, tisadandaule. Amenewo ndiwo mawu ake omaliza amene tili nawo.

Loweruka Cynthia anaimbanso ku ofesi ija, osandipempha, ndipo analankhula mosapsatira. Malemu analoleza dokotala kutsimikiza. A ku ofesiko anachita changu, koma anatiuza moona mtima kuti zimene zikanatheka Lolemba sizingathekenso Loweruka. Anati Lolemba lija akanamva kuti mayi akumwalira, mwanayo akanagona ku Edmonton Lachitatu.

Ndinapita kukagwada pambali pa bedi la achemwali n'kuwauza zimene ndinachita. Ndinkayembekezera kuti andikalipira, ndipo mwina zikanandipepukira. Anangoti: "Inenso ndikanalankhula chimodzimodzi, achimwene. Tinaleredwa nyumba imodzi." Kenako anandifunsa ngati kumene wapitako kukuzizira.

Mayi Rabecca Matewere anatisiya Lachiwiri pa 14 Okutobala, nthawi ya 4 koloko madzulo, asanafike ndi pa zaka zopumira ntchito. Cynthia ndi Mayi Mulenga anali pambali pawo. Chitseko cha chipindacho chikatseguka, ankadzutsa mutu kuti aone walowa ndani, ndipo anachita zimenezi mpaka tsiku lomaliza.

Lero ndi pa 7 Novembala. Akwana masiku 28 tisanamve mawu a Harrison. A usilikali akutiuza kuti uthenga wa maliro anautumiza, koma sangatitsimikizire kuti wafika m'manja mwake, ndipo saloledwa kutiuza kumene ali. Akutinso kusamva kanthu ndi chizindikiro chabwino, chifukwa pakachitika choipa amabwera okha. Sabata yatha pa nkhani ananena kuti kumalire kuja kwagwa mabomba. Sanatchule mayina, ndipo sanatchule gulu.

Ambiri a inu munadabwa ndi pepala limene tinamata pa chitseko cha nyumba ya malemu, lopempha kuti musagogode kapena kuliza belu, koma muzingoti odi mokweza. Ena munaganiza kuti ndi mwambo wa ku Ntcheu. Lero ndikuuzeni. Msilikali akavulala kwambiri kapena kumwalira, akuluakulu ake saimba foni. Amabwera pakhomo n'kugogoda. Khomo limene Harrison analembetsa ndi la amayi ake, ndipo Cynthia wakhala akugona m'nyumba imeneyo chimwalirireni malemu. Masiku oyambirira a maliro munkabwera ambiri kudzapepesa, monga mwa chikondi chanu, ndipo aliyense akagogoda mwana uyu ankagwa pansi. Tsiku lina tinawerenga kugogoda makumi anayi. Ndiye tinati abale athu aziti odi, popeza asilikaliwo odi samudziwa. Zikomo kuti munamvera osafunsa. Tikupempha kuti mupitirize kutero ngakhale maliro atatha, kufikira tsiku limene tidzachotse pepalalo.

Abale a ku Ntcheu ndi ku Balaka, amene mukutionera pa foni, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwakhumudwa kuti thupi silinabwere kumudzi kukagona pafupi ndi Bambo Matewere. Limeneli linali pempho la malemu eni ake. Anati tiwaike konkuno, kufupi ndi Edmonton, kuti mwana wawo akadzabwera asadzafunenso tchuthi kapena ndege, adzangokwera basi. Tinadikira masabata atatu ndi masiku atatu tikuganiza kuti mwina afika. Sitikanatha kuwasungabe achemwali m'nyumba ya chisoni mpaka atsogoleri a mayiko adzagwirizane.

M'malo mwa banja la Kapalamula ndi banja la Matewere, ndikuthokoza Abusa ndi mpingo wonse, amayi a chigwirizano amene sanatisiye tokha ngakhale tsiku limodzi, madokotala ndi anamwino amene anasamalira mnzawo, ndi anzanga a ku depoti amene anandigwirira mashifiti. Ndikuthokoza a Malawi a ku Croydon ndi ku Thamesmead amene mwakhala mukusintha mabasi awiri atatu kuti mudzakhale nafe. Mayi Mulenga, inu sitikuthokozani ngati mlendo, chifukwa nanunso ndinu anamfedwa. Ndikuthokozanso mayi wa ku ofesi ya asilikali uja, amene amatiimbira Lachitatu lililonse ngakhale alibe chatsopano chotiuza. Ndipo kwa inu achinyamata amene mudzalankhulire mabanja anu m'dziko lino ife tikadzapita, ndikupempheni chinthu chimodzi: akakufunsani ngati munthu akumwalira, ndipo akumwaliradi, nenani kuti inde.

Malemu asiya abale atatu mwa asanu amene tinabadwa, popeza mmodzi anatsogola kale. Asiya mdzukulu mmodzi, Taonga, mwana wa Cynthia. Mzere wotsatirawu ndakhala ndikuulemba ndi kuufufuta sabata yonse, chifukwa wowerenga mbiri ya maliro sayenera kunena chimene sakuchidziwa. Dzulo ndinafunsa Abusa, ndipo anandiuza kuti ndiwerenge mokweza. Malemu asiya ana awiri. Cynthia ali pano. Harrison ali moyo. Ndanena pamaso pa Mulungu ndi pamaso panu, ndipo ndikupempha Mulunguyo kuti asandichititse manyazi.

Achemwali anga, NaNgozo, munabadwa amantha, koma panalibe pamene munathawa. Mwaopa mokwanira. Tulani tsopano, zotsalazi tiopa ndife.

Mzimu wa Mayi Rabecca Matewere uuse mumtendere.